Madala aja a ku Kerala, a Thilakan

Pali malo ena mufilimu ya Kireedam amene ndikafikapo ndimaimitsa kaye, kudzuka, kukamwa madzi, ndiye kenako kupitiriza. Mnyamata waima pakati pa msika mpeni uli m'manja, wangomaliza kumene kupha munthu, anthu amuzungulira koma palibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kuyandikira, ndiye bambo ake, wapolisi wa udindo waung'ono amene moyo wake wonse amangolota zoti mwanayu adzakhale insipekita, akumuuza kuti ataye mpeniwo. Poyamba akulamula ngati wapolisi. Kenako mawu aja akusweka, watsala ndi bambo basi akudandaulira mwana wake. Ine Chimalayalamu, chilankhulo cha filimuyi, sindichimva, ndimadalira timawu tomasulira ta m'munsi tija, koma pamenepa olo mutatichotsa palibe chimene mungaphonye, nkhope ya madalawa ikunena zonse.

Amene anasewera bambo ameneyu ndi a Thilakan, dzina lawo lonse Palappurathu Keshavan Surendranatha Thilakan, ndipo ndakhala ndikufuna kulemba za iwo kuyambira kale. Ambirife tikamva zoti filimu ya chimwenye timangoganiza zovina zija, chibwenzi, ndi mnyamata mmodzi akumenya anthu makumi awiri, nanenso ndinkaganiza choncho mpaka mnzanga wina atandiponyera mafilimu angapo mu fulashi nkundiuza kuti awa ndi ena, uwaonere usanaweruze. India ndi dziko lalikulu heve ndipo chigawo chilichonse chili ndi chilankhulo chake ndi mafilimu akenso. Awa ndi a ku Kerala, kachigawo kowonda kotalika m'mbali mwa nyanja kum'mwera chakumadzulo, komwe amalankhula Chimalayalamu, anthu pafupifupi 35 miliyoni. Ndiye mu fulashi muja ndinaona kuti pali madala ena ojintcha a mawu okhuthala amene amangopezeka paliponse, apa ndi wapolisi, apo ndi mphunzitsi, pena ndi chigawenga, ndipo akangolowa ngakhale wosewera wamkulu wa filimuyo amaoneka ngati wachepa.

Anabadwa mu 1935 ku Ayiroor, nthawi imeneyo derali linali mu ufumu wa Travancore, pano ndi boma la Pathanamthitta. Anakulira ku Mundakayam, dera la maesiteti a labala, komwe bambo awo ankagwira ntchito pa esiteti. Anayamba koleji ku Kollam koma sanamalize, ndipo mu 1956 iwo ndi anzawo anayambitsa kagulu ka zisudzo ka Mundakayam Nataka Samithy. Chaka chimenecho si chaka wamba ayi, ndi chaka chomwe chigawo cha Kerala chinakhazikitsidwa, ndipo chaka chotsatira 1957 anthu anavotera chipani cha chikomyunizimu kulowa m'boma. Zisudzo nthawi imeneyo kumeneko sizinali zongoseketsa anthu, zinali ndale zenizeni. Gulu la KPAC, kutanthauza Kerala People's Arts Club, linayamba mu 1950 ndipo mu 1952 linatulutsa sewero la Thoppil Bhasi lotchedwa Ningalenne Communistakki, mutu wake ukutanthauza kuti mwandisandutsa wachikomyunizimu, sewero limene linazungulira midzi yambirimbiri mpaka boma la nthawiyo linayesa kuliletsa. Mnyamata wofuna zisudzo masiku amenewo amalowa m'dziko lotere, loti chimene wanena pa siteji chitha kusintha mmene mlimi aponyere voti.

A Thilakan analowa mu KPAC momwemo nkukhalamo mpaka 1966, kenako anapita ku Kalidasa Kalakendram ya ku Kollam, kenako Changanassery Geetha, ndi gulu la a P. J. Antony amene iwo ankawatenga ngati mphunzitsi wawo weniweni. Ankaseweranso masewero a pa wayilesi ya All India Radio. Apa ndipomwe ine ndimafuna anthu aziima kaye, chifukwa ambiri akamalemba za iwo zaka zimenezi amangozidumpha m'mzere umodzi ngati zinali zongodikirira kuti mafilimu abwere, pomwe ndi zaka pafupifupi makumi awiri za moyo wa munthu. Magulu amenewa ankayendayenda, kulongedza makatani ndi magetsi ndi anthu omwe m'galimoto imodzi, kupita ku zikondwerero za pa akachisi ndi za pa matchalitchi, kusewera panja usiku anthu atakhala pansi pabwalo, mawa lake kwinanso. Palibe zoti tiyeni tibwereze pamene mwalakwitsa paja. Ukaiwala mawu waiwala pamaso pa anthu, ukalankhula chapansipansi wakumbuyo sakumva ndipo akuuza pompo, ndiye sewero lomwelo ulisewere usiku ndi usiku mpaka udziwe kuti ukakhala chete masekondi angati anthu amapuma nawe limodzi, ukapitirira pamenepo ayamba kutsokomola ndi kucheza. Munthu amene wadutsa m'sukulu imeneyo akaima pa kamera amakhala akudziwa kale kuti mawu alionse amalemera bwanji.

Mufilimu analowa mu 1973, mu Periyar ya a P. J. Antony omwe aja, ali ndi zaka cha m'ma 38. Chaka chomwecho a Antony anasewera mu Nirmalyam, imene inawapatsa mphotho ya dziko lonse ya wosewera wabwino kuposa onse, oyamba mwa osewera a Chimalayalamu kuilandira, ndiye mutha kuona kuti a Thilakan anaphunzira kwa ndani. Koma sikuti zinayenda pompo ayi. Zinatenga zaka zina mpaka dayirekita K. G. George atayamba kuwagwiritsa ntchito, mu Ulkadal mu 1979, Kolangal mu 1981 momwe anasewera chidakwa, ndiye Yavanika mu 1982. Yavanika ndimaikonda mwapadera chifukwa nkhani yake ndi ya gulu la zisudzo loyendayenda lomwe woimba ng'oma za tabla wake wasowa, wapolisi akufunsa aliyense payekhapayekha, ndipo a Thilakan akusewera Vakkachan mwini gululo, munthu amene mutu wake uli pa galimoto, pa nthawi, pa osewera amene achedwa ndi ndalama za usiku umenewo. Amaoneka kuti sakuvutika nkomwe, ndipo nzosadabwitsa poti eni magulu ngati amenewo anakhala nawo zaka zambiri. Pa imeneyi analandira mphotho yawo yoyamba ya boma la Kerala ali ndi zaka 47, msinkhu umene osewera ena amakhala ayamba kale kuiwalika.

Kuchokera pamenepo ndiye basi, mafilimu oposa 200. Koma sanakhalepo mnyamata wokongola uja woyimbira mtsikana nyimbo m'munda wa maluwa. Nyenyezi za nthawiyo zinali Mammootty ndi Mohanlal, iwo ankangopatsidwa mbali ya bambo, ya malume, ya jaji, ya woipa. Ndiye taonani zimene anachita nazo mbali za bambozo.

Mu Kireedam ya 1989, yolembedwa ndi Lohithadas nkutsogoleredwa ndi Sibi Malayil, iwo ndi Achuthan Nair, bambo wachikondi amene amaseka ndi ana ake. Vuto limayamba pomwe chigawenga cha m'tauni chikuwamenya pamsika, mwana wawo Sethu, amene ndi Mohanlal, nkulowererapo kupulumutsa bambo ake. Kuyambira tsiku limenelo tauni yonse yamupatsa dzina loti ndi womenya, ndipo dzinalo likumumeza pang'onopang'ono. Chimene chimandipweteka ndi choti mwanayu wagwa chifukwa chokonda bambo ake, koma bambo omwewo ndi amene akuyamba kumuyang'ana ndi diso la wapolisi, ndipo pamapeto ndi iwo eni amene akupereka lipoti loti mwana wawo sayenera kulembedwa ntchito ya upolisi. A Thilakan pamenepa sakulira mokweza, sakudzigwetsa, akungolankhula ngati munthu amene ali pa ntchito, koma iwe woonera ukudziwa kuti m'katimo nyumba yagwa.

Mu Spadikam ya 1995 ya dayirekita Bhadran zinthu zatembenuka. Iwo ndi Chacko, mphunzitsi wa masamu wolandira mendulo ya pulezidenti, amene amakhulupirira kuti dziko lonse limayendera masamu, ndiye ali ndi mwana wamwamuna amene masamuwo sakumulowa koma manja ake ndi a golide, amapanga tizipangizo, mpaka anapanga belu la pasukulu lolira lokha. Bambo sakuona zonsezo. Akumumenya, akumuyerekeza ndi mwana wa mnzawo, akumuchititsa manyazi pamaso pa anzake mpaka mwana akuthawa pakhomo, nkubwera patapita zaka ali chimunthu choopedwa choswa miyala ndi kuyendetsa lole. Filimu imeneyi inandigwira pakhosi kuposa ina iliyonse, ndipo ndinene chilungamo, nchifukwa choti inenso ndinakula ndikuphwasula mawayilesi akufa ndi matochi pomwe bambo anga amafuna kuona mamakisi a masamu pa lipoti basi. Sanali ankhanza ngati Chacko ayi, koma kuyang'ana kuja, koyang'ana chinthu chimene wachipanga ndi mtima wako wonse ngati ndi zinyalala zotayitsa nthawi, ndimakudziwa bwino. A Thilakan anakupeza kuyang'ana kumeneko ndendende. Ndipo sanamupange Chacko kukhala chilombo, umaona kuti mkuluyu akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akuthandiza mwana wake, nchifukwa chake akadzazindikira mochedwa zimene anachita umalephera kumuda.

Ndiye pali Perumthachan ya 1990, yolembedwa ndi M. T. Vasudevan Nair, mmodzi mwa alembi akuluakulu a chilankhulochi, nkutsogoleredwa ndi Ajayan. Nkhani yake inachokera ku nthano yakale ya ku Kerala ya mmisiri wamkulu wa matabwa ndi ziboliboli, womanga akachisi, amene mwana wake akuyamba kumuposa luso komanso sakufuna kutsata malire akale a pakati pa mitundu ya anthu apamwamba ndi apansi, mpaka wakondana ndi mtsikana wa m'banja loti iye sayenera nkuliyandikira komwe. Tsiku lina bambo ali pamwamba pa denga, mwana ali pansi, chida chosemera chikupulumuka m'manja mwa bambo nkugwera mwanayo pakhosi. Chinapulumuka chokha kapena anachisiya dala? Kodi inali nsanje, kapena mantha a chipongwe chimene chinali kubwera? Ndaionera kangapo ndipo ulendo uliwonse ndimatuluka ndi yankho lina, chifukwa a Thilakan anaziika zonse pankhope imodzi. Boma la Kerala linawapatsa mphotho ya wosewera wabwino kuposa onse, koma ya dziko lonse chaka chimenecho inapita kwa Amitabh Bachchan pa filimu ya Agneepath, ndipo mpaka lero ku Kerala alipo ambiri amene nkhani imeneyi sinawatsike pakhosi. Ine ndili mbali yawo. Ya dziko lonse anali atailandirapo kale pa Rithubhedam ya 1987, koma inali ya wosewera wothandizira.

Musaganize kuti anali olilitsa okhaokha. Mu Kilukkam ya 1991 ndi jaji wopuma ntchito waukali amene amangokhalira kukangana ndi wantchito wake, wosewera Innocent, ndipo umaseka mpaka nthiti kuwawa. Mu Nadodikkattu ndi bwana wa zigawenga wamantha kuposa anthu amene akuwaopseza. Mu Sandesham ndi bambo wopuma ntchito ya njanji amene ana ake awiri ali m'zipani zodana ndipo asandutsa nyumba kukhala bwalo la msonkhano. Komanso mu Namukku Parkkan Munthirithoppukal ya dayirekita Padmarajan ya 1986 anasewera bambo wopeza woipa moti umamva kunyansidwa kungomuona akulowa m'nyumba, ine imeneyo ndinaionera kamodzi kokha ndipo sindinabwererekonso.

Ya Padmarajan imene ndimabwererako ndi Moonnam Pakkam ya 1988. Mutuwo ukutanthauza tsiku lachitatu, chifukwa anthu a m'mbali mwa nyanja kumeneko amati nyanja ikatenga munthu imamubweza pa tsiku lachitatu. Agogo okhala okha m'nyumba yakale akulandira mdzukulu wawo, yemwe akuphunzira udokotala, wabwera ku holide ndi anzake, nyumba yonse yadzuka, kuseka, kuphika, agogo asanduka mnyamata. Kenako anyamata apita kukasamba kunyanja ndipo mdzukulu uja sakubwerera. Gawo lotsala la filimuyo ndi kudikira basi. Agogo akutonthoza ena onse, akuwauza kuti abwera, akuyenda m'mbali mwa madzi, ndipo iwe ukuona chiyembekezo chikutha m'maso mwawo pang'onopang'ono ngati nyali yotha mafuta. Panthawiyo a Thilakan anali ndi zaka 53 zokha koma mayendedwe, kakhalidwe ka pampando, kagwiridwe ka dzanja la mdzukulu, zonse ndi za nkhalamba yeniyeni. Mathero ake sindiwanena, kaoneni nokha, koma musaionere muli nokha usiku.

Tsopano nkhani yovuta ija. Munthuyu sankadziwa kubisa mawu, ndipo anzake ambiri ankati ndi wovuta kugwira naye ntchito, waukali, wosamva za mnzake. Mwina zina mwa izo nzoona, sindikufuna kuwapanga mngelo. Mu 2009 boma la India linawapatsa ulemu wa Padma Shri, koma chaka chotsatira chomwecho, 2010, anapezeka ali kunja. Anachotsedwa mufilimu ya Christian Brothers atagwira ntchito ndi dayirekita Vinayan amene mabungwe a za mafilimu sankamufuna, ndiye iwo m'malo mokhala chete anapita kwa atolankhani nkunena poyera kuti kagulu kochepa ka anthu amphamvu ndiko kakusankha amene adye ndi amene agone ndi njala m'mafilimu a Chimalayalamu. Bungwe la osewera la AMMA linawauza kuti apepese, iwo anakana, ndipo linawachotsa. Dzina loti amma m'chilankhulo chawo ndi mayi, ndiye tangoganizani, madala a zaka za m'ma 70, thupi likudwaladwala, atumikira luso limeneli kuyambira 1956, akuthamangitsidwa pakhomo pa mayi. Mlembi wotchuka Sukumar Azhikode anaima nawo, koma ambiri mwa amene ankawatchula kuti bambo pa kamera anangoti zii. Mu 2017, iwo atamwalira kale, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda ku India linalipiritsa chindapusa AMMA ndi bungwe la ogwira ntchito za mafilimu la FEFKA pa nkhani yotsekereza Vinayan yomweyo. Ine pamenepo ndinangoti ee, ndiye kuti madala aja sankabwebweta.

Chimene ndimachilemekeza nchoti atatsekeredwa zitseko sanapite kukagwada, anabwerera ku siteji komwe anachokera nkuyambanso kusewera zisudzo. Ndipo luso lotere sungalitsekere mpaka kale. Mu 2011 dayirekita Ranjith anawatenga mu Indian Rupee, ndipo mu 2012 kunabwera Ustad Hotel ya Anwar Rasheed, yolembedwa ndi Anjali Menon. Muno ndi Kareem, nkhalamba ya kalesitilanti kakang'ono m'mbali mwa nyanja ku Kozhikode kotchuka ndi biriyani, ndipo mdzukulu wake, amene waphunzira zophika ku Switzerland nkukangana ndi bambo ake, wathawira kwa agogowa. Agogo sakumulola kugwira mphika msanga, ayambe kaye watsuka, wanyamula matumba a mpunga, waperekera anthu chakudya. Mdzukuluyo anasewera ndi Dulquer Salmaan, mwana wa Mammootty, ali kumayambiriro kwenikweni kwa ntchito yake. Ukawayang'ana a Thilakan mufilimu imeneyi umaona kuti thupi latopa, mpweya ukuvuta, mawu aja amene ankagwedeza holo atsika, koma akakhala pamchenga ndi kapu ya tiyi wopanda mkaka wotchedwa sulaimani akufotokozera mdzukulu za chikondi cha unyamata wawo, ukali wonse wa Chacko uja palibe, kwatsala kufatsa kumene sindinakuonepo mufilimu ina iliyonse ya iwo. Filimuyi inatuluka mu June. Pa 24 September 2012 anamwalira m'chipatala ku Thiruvananthapuram ali ndi zaka 77, atadwala ali pa ntchito yojambula filimu ina. Awiri mwa ana awo, Shammi ndi Shobi, ali m'ntchito yomweyi ndipo onse amadziwikanso ndi mawu, poti amalankhulira osewera ena m'mafilimu.

Chaka chatha bambo anga anabwera kudzakhala nafe masabata angapo chifukwa cha miyendo imene imawavuta, ndiye madzulo ena ndinalumikiza laputopu ku TV nkuika Spadikam. Sindinawauze chifukwa chake, ndinangoti bambo taonani iyi. Maso awo satha kuthamanga ndi timawu ta m'munsi tija ndiye ndinkawawerengera mokweza, ine kukhala Chacko, ine ndemwe kukhalanso mwana, ndipo pena mawu amandikanika ndimangonamizira kutsokomola. Iwo anakhala chete filimu yonse, maola awiri ndi kuposa, osapempha olo madzi. Itatha ndinadzuka kukazimitsa, iwo akadali pampando akuyang'anabe TV yakuda, kenako anati, "Iwe, belu lija mwanayu analipanga bwino." Ndinati eya bambo, analipanga bwino. Anagwedeza mutu, nkundipempha kuti ndiwagwire dzanja adzuke akagone.